Muyezo wa agogo unali m'dzanja lawo

Agogo aakazi akatisiya, katundu wawo amatsala. Mpando ulipo, mapoto alipo, nsalu zili m'sutikesi. Chimasowa ndi kakomedwe ka chakudya chija ankaphika banja lonse likakumana, nyimbo ija ankagonekera ana, ndi yankho la funso loti, "Kodi uyu ndi mbale wathu bwanji?" Tsiku loyamba kukumana iwo kulibe, wina amaphika mmene akukumbukira, anthu amadya phee, kenako mmodzi amatulutsa zimene onse ali nazo mumtima: "Chakoma, koma sichinafike." Wophikayo sanalakwe. Muyezo unali m'dzanja la agogo, ndipo dzanjalo palibe anaganiza zoliyeza.

Amene agogo anu akadali moyo muli ndi mwayi waukulu, ndipo musaiwale kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene munawaika kale m'manda simunachedweretu, ngakhale ntchito yanu ndi yovutirapo.

Tiyambe ndi kuphika, chifukwa zambiri zimatayikira kumeneko. Mukafunsa kuti, "Agogo, mchere mumathira wochuluka bwanji?" adzakuyankhani kuti, "Wokwanira, mdzukulu wanga." Sakukubisirani. Iwowo sanauyezepo, zala zawo zitatu zinazolowera kwa zaka 50 kapena 60. Choncho musawapatse supuni kuti ayezere, chifukwa mukatero mwasokoneza dzanja lija ndipo chimene mulembe sichikhala chawo. Pezani sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi. Asanayambe kuphika, ikani chinthu chilichonse m'mbale yakeyake, chochuluka kuposa chimene chifunike: ufa, mchere, shuga, mafuta, madzi m'jagi. Yezani mbale iliyonse pamodzi ndi za m'katimo, mulembe. Kenako asiyeni aphike mmene amachitira, atape ndi dzanja, awonjezere pamene mtima wawauza. Akamaliza yezaninso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiwo muyezo wawo. Ngati mbale ya mchere inali magalamu 250 ndipo tsopano ili 241, athira 9, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ndi theka, poti supuni yaing'ono ya mchere wosalala imalemera pafupifupi magalamu 6. Wamibulu umasiya mipata m'supuni, n'chifukwa chake kulemba magalamu kumaposa kulemba masupuni.

Chitani zimenezi katatu, masiku osiyana. Tsiku loyamba amachita manyazi ndi kope lanulo, amafuna kuphika mwa alendo, ndipo mafuta amachuluka. Lachitatu amakhala akuiwala zoti mulipo. Manambala akasiyana, musathamangire kutenga wapakati. Funsani chifukwa chake. Mwina ufa wa lero ndi wouma kwambiri ndipo wamwa madzi ambiri, mwina anthu odya ndi ochulukirapo. Chifukwacho chilembeni pambali pa nambala, pakuti ndi chimene chidzakupulumutseni tsiku limene zinthu zidzakhale zosiyana ndi za papepala.

Ndiye pali kapu. Agogo aliyense ali ndi kapu yake, kawirikawiri yakale, yobenthuka pamlomo kapena yothyoka chogwirira, imene palibe amamwera. Akati "makapu awiri" akunena imeneyo, osati ya m'mabuku ophikira imene imakhala mamililita 250 kapena 240. Yawo ikhoza kukhala 180, ikhoza kukhala 400. Iikeni pa sikelo ili yopanda kanthu, bwezerani sikelo pa ziro, muthire madzi mpaka pamene iwo amadzazira. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, kotero nambala imene yatuluka ndiko kukula kwa kapuyo. Yang'ananinso ngati amadzaza mwa phiri kapena amasalaza ndi chala, ngati amatsendera kapena amangothira. Pa ufa, kutsendera kokhako kumasintha magalamu 20 kapena 30 pa kapu imodzi. Ndipo chonde kapuyo isatayidwe. Pogawana katundu wa malemu maso amathamangira zooneka zamtengo wapatali, kapu yobenthuka n'kupita kudzala, pomwe ndi imene inasunga muyezo wa nyumba yonse.

Nthawi ndi yovuta kuposa muyezo, chifukwa agogo sayang'ana wotchi. Amayang'ana mtundu, amamvera phokoso la m'poto, amanunkhiza. Inu lembani zonse ziwiri, mphindi ndi chizindikiro: mphindi 12, mpaka fungo la ufa wosapsa litachoka, mphindi 5, mpaka mafuta atayamba kuonekera m'mphepete. Mphindi zokha zimanama mukasintha moto. Nkhuni, makala, gasi ndi magetsi sizitenthetsa mofanana, poto wopyapyala amapsereza pamene wokhuthala akadali kusonkhanitsa kutentha, ndipo kumalo okwera madzi amawira asanafike madigiri 100, kutsika pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 alionse, choncho zowiritsa zimachedwa kufewa. Chizindikiro sichinama.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kufika mochedwa. Munthu amafika poto ali kale pamoto, osadziwa kuti ntchito inayamba dzulo: china chinaviikidwa usiku wonse, china chinayanikidwa padzuwa, china chinasefedwa kawiri. Agogo sangatchule zimenezi chifukwa kwa iwo si mbali ya kuphika, ndi moyo chabe. Gonani komweko. Ikani foni pamalo okwera, yoloza manja ndi poto osati nkhope, ijambule vidiyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukadzaionera mudzapeza zimene maso anu analumpha, monga chivundikiro chosiyidwa chotsegula pang'ono, kapena poto wophulidwa n'kusiyidwa mphindi 10 asanapakule. Kenako phikani nokha motsatira pepala, iwo alawe ndi kukonza. Mayeso omaliza ndi kupereka pepalalo kwa munthu amene sanalipo. Pamene iye wakakamira, pamenepo ndi pamene mwasiya mzere.

Mawu awo ajambuleni. Zithunzi mabanja ambiri ali nazo. Mawu ndiwo amasowa, ndipo pakapita zaka zochepa umadzidzimuka kuti sukukumbukanso mmene ankatchulira dzina lako. Foni wamba ikukwanira. Yambani ndi kupempha: "Agogo, ndikufuna ana anga adzamve mawu anu, mungalole ndijambule?" Akalola, ikani foni pa airplane mode kuti wina asadule nkhani poimba, ndipo onetsetsani kuti batire ndi yodzaza ndi malo alipo. Ola limodzi la mawu osungidwa mu mtundu wa fayilo wotchedwa MP3, pa mulingo wa 128 kbps, limadya malo pafupifupi 60 MB. Mtundu wina, wa WAV, umamveka bwino koma fayilo yake imatha kudya 10 MB pa mphindi. Foni ikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pakamwa pawo, pamwamba pa nsalu yopinda, chifukwa pa tebulo pokha imatola kugogoda kulikonse kwa mbale ndi zala. Zimitsani wailesi, TV ndi fani. Panja mphepo imawomba maikolofoni n'kukwirira mawu, choncho khalani m'nyumba. Jambulani masekondi 30, mumvetsere, kenako muyambe zenizeni, ndipo mawu oyamba akhale anu: tsiku, mwezi, chaka, dzina lawo lonse, malo, ndi amene alipo. Mphindi 40 mpaka ola limodzi zakwana. Okalamba amatopa, ndipo ambiri mutu umakhala wopepuka m'mawa. Bwino kubwera kasanu kusiyana ndi kuwafinya tsiku limodzi.

Funso lakuti "Tiuzeni mbiri yanu" ndi lalikulu kwambiri, ndipo yankho lake limakhala, "Aaa, ine ndinganene chiyani." Funsani zing'onozing'ono, zogwirika. Nyumba imene munabadwiramo khomo lake linaloza kuti? Anakuphunzitsani kuphika ndani, nanga mukalakwitsa ankati chiyani? Tsiku la ukwati wanu munavala chiyani, anasoka ndani? Ofufuza za kakumbukiridwe ka anthu anapeza kuti okalamba amakumbukira bwino kwambiri zimene zinawachitikira ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30, choncho yambirani kumeneko. Apatseni chinthu m'manja, chithunzi, nsalu, kapu ija. Dzanja likagwira, pakamwa pamatseguka. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo. Werengani mumtima mpaka 10. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhani zozama zimatuluka pambuyo pa kachetechete wotero. Akalakwitsa chaka kapena dzina musawakonze pomwepo, lembani pambali. Akalira, funsani ngati muime. Akati, "Izi usauze munthu," zimitsani foni iwo akuona, ndipo musungedi. Chinsinsi cha agogo si chuma cha banja chogawana.

Ngati matenda oiwalaiwala ayamba, musawayese ndi mafunso ngati "Mukundikumbuka?" chifukwa amangowachititsa mantha. Imbani mzere woyamba wa nyimbo imene ankaikonda, muime. Nyimbo zimatsalira nthawi yaitali ngakhale mayina atathawa, ndipo kawirikawiri amaipitiriza okha mpaka kumapeto.

Kujambula ndi theka la ntchito. Theka lina ndi kusataya. Fayilo iliyonse ipatseni dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mutu wa nkhani, chifukwa mayina amene foni imapereka yokha sadzakuuzani kanthu zaka 10 zikubwerazi. Khalani ndi makope atatu, pa zipangizo ziwiri zosiyana, ndipo limodzi likhale kunyumba ina kapena pa intaneti. Foni imabedwa, fulashi ndi memory card zimafa mosachenjeza, choncho kamodzi pachaka tsegulani muone ngati zikugwirabe ntchito. Potumizirana pa WhatsApp, zithunzi ndi mavidiyo zitumizeni ngati Document, apo ayi amazichepetsa ndipo zimataya kuwala kwake. Password ya kumene mwasungako aidziwenso munthu wina m'banja. Ndipo mfundo zikuluzikulu zilembeni m'kope ndi dzanja. Pepala silifuna batire.

Za chibale zifuna pepala lalikulu ndi pensulo, chifukwa mudzafufuta kambiri. Munthu aliyense ali ndi makolo 2, agogo 4, pamwamba pawo 8, kenako 16, ndipo ambiri a ife sitingatchule ngakhale asanu mwa 8 aja. Agogo angathe. Kwa mkazi aliyense lembani dzina lobadwa nalo, la paukwati, ndi limene anthu ankamuitanira, pakuti mzere wa akazi ndi umene umasowa msanga mayina akasintha. Ana amene anamwalira ali aang'ono alembeninso, koma funsani mofatsa. Nthawi zambiri agogo okha ndi amene atsala akudziwa mayina awo. Zaka sadzazitchula m'manambala, adzati chaka cha kadamsana, cha chilala, cha nkhondo. Lembani mmene anenera, ndipo chaka chimene mwaganizira inu muike chizindikiro cha funso. Pambali pa mfundo iliyonse lembani amene wakuuzani. Funsaninso matenda amene anatenga achibale, monga shuga, kuthamanga kwa magazi kapena khansa, poti dokotala adzafunsa zidzukulu zimenezi tsiku lina.

Zithunzi zopanda mayina zimasanduka za anthu achilendo pakangodutsa m'badwo umodzi. Khalani nawo pansi, chimodzichimodzi, akuuzeni uyu ndani. Lembani kumbuyo cha m'mphepete ndi pensulo yofewa ya 2B, osadinikiza, ndipo ngati pepala ndi loterera moti pensulo ikukana, lembani pa envulopu. Bolopeni imadinda mpaka kumaso ndipo inki yake imadetsa chithunzi choyandikana. Musalaminete chithunzi kapena kalata yakale. Kutentha ndi guluu sizibwezeka. Selotepi imachita chikasu n'kusiya banga, labala imasungunuka n'kumata, mapini amachita dzimbiri, ndipo pulasitiki ya PVC, ija yonunkha, imawononga pang'onopang'ono. Sungani pouma, pamthunzi, kutali ndi pansi ndi khoma lonyowa, chifukwa chinyezi chikapitirira 65 peresenti nkhungu imayamba. Zikamatirirana musazikoke. Posikana, 600 dpi (muyezo wa kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi) ndi yabwino pa zithunzi zazing'ono ndipo 300 dpi ikukwanira pa makalata. Ngati mulibe sikana, jambulani ndi foni pamthunzi wowala, popanda fulashi ya kamera, foni itafanana ndi chithunzi osapendekeka, ndipo mujambule kumbuyo komwe.

Nsalu zawo zichapeni, ziume gwa, musanazisunge, chifukwa thukuta ndi madontho a chakudya ndiwo amaitana njenjete ndi mphemvu. Zikulungeni m'nsalu ya thonje yoyera osati m'jumbo, ndipo kamodzi pachaka muzipinde mwa njira ina kuti zisang'ambike mopindamo. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete ndi poizoni kwa ana, tisakhale pofikira.

Ngati agogo ankasunga mbewu zawozawo, dziwani kuti ichi ndi cholowa chimene chimafa chikangosungidwa osabzalidwa. Mdani wake ndi chinyezi ndi kutentha. Akatswiri a mbewu amati chinyezi cha m'mbewu chikatsika ndi 1 peresenti, kapena kutentha kukatsika ndi madigiri pafupifupi 5, moyo wake umawirikiza kawiri. Kuti mudziwe ngati zauma, ikani pang'ono m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, ziyanikeninso. Zikauma zitsekereni m'botolo lagalasi lolembedwa dzina limene agogo ankazitchula ndi chaka. Nyengo yobzala isanafike, ikani mbewu 20 pa nsalu yonyowa, muwerenge zimene zamera pakatha masiku 7 mpaka 10. Zikamera zosakwana theka, bzalani zonse chaka chomwecho kuti mupeze zatsopano, musadikirenso. Zina zimasakanikirana ndi za m'munda woyandikana kudzera mu mphepo kapena njuchi, ndipo mtundu umasintha osazindikira, choncho zibzaleni patali, ndipo mugawireko nyumba ziwiri kapena zitatu kuti chaka choipa chisazimalize.

Pali mbali imene chikondi chiyenera kuyenda ndi maso. Mankhwala a zitsamba amene ankadziwa alembeni, mujambule tsamba, duwa ndi khungwa, koma musayesere mongoganizira, chifukwa zomera zina zimafanana kwambiri ndipo muyezo wolakwika umavulaza, makamaka makanda ndi amayi oyembekezera. Zina zimene ankachita mwachikondi lero tikudziwa kuti ndi zoopsa: uchi sapatsa mwana wosakwana miyezi 12, ndipo pamchombo pa khanda sapakapo phulusa kapena dothi chifukwa cha kafumbata. Zoterezi zilembedwe ngati mbiri, zisachitidwe. Sikunyoza agogo. Iwowo ankafuna mwana akhale ndi moyo, ndipo cholinga chimenecho ndi chimene tikuchisunga.

Tsopano inu amene agogo anapita kale. Zimene ankadziwa sizinathe zonse, zinabalalika. Mwana wawo woyamba akukumbukira muyezo, wotsiriza akukumbukira nyimbo, mdzukulu amene analeredwa nawo akukumbukira kachitidwe ka manja. Musaiwale akazi okwatiwa m'banjamo, chifukwa iwowo anachita kuphunzitsidwa ndi mawu zimene ana a m'nyumba anangokulira nazo, ndipo kawirikawiri amafotokoza bwino kuposa eni ake. Anzawo a agogo ndi oyandikana nawo nawonso ali ndi gawo. Afunseni payekhapayekha kaye. Mukawasonkhanitsa poyamba, wamkulu akalankhula ena amangovomera, ndipo zimene akanakumbukira zimakwiririka. Mukatolera, ndiye muwakumanitse. Ngati pali njira zitatu zophikira chakudya chija, phikani zonse zitatu tsiku limodzi m'mapoto aang'ono, anthu alawe osauzidwa kuti ichi ndi cha yani. Lilime limakumbukira zimene mutu unaiwala, ndipo mkangano umachepa.

Musayambe izi pamaliro, mitima ikadali yaiwisi, koma musadikirenso zaka. Chimodzi chokha ndi chachangu: foni yawo isafufutidwe kapena kupatsidwa wina musanakopere za m'katimo. Akaunti ya WhatsApp imatsekedwa ikakhala pafupifupi masiku 120 osagwiritsidwa ntchito, ndipo nambala yosagwira ntchito makampani amadzaipereka kwa munthu wina. Aliyense afufuze mauthenga a mawu m'foni mwake, mafoni akale a m'dirowa, ndi mavidiyo a maukwati, momwe agogo amamveka chapansipansi akulangiza kapena kuseka.

Mwambo wokumana monga banja umafa mwa njira yake. Anthu amaganiza kuti unkachitika wokha, pomwe agogo ndi amene ankaitana, kukumbutsa, kudziwa amene sadya chakutichakuti, ndi kukhazika okangana moyandikana mpaka atalankhulana. Ntchito zimenezi zilembeni zonse, ndipo iliyonse ikhale ndi dzina la munthu. Mawu akuti "tonse tidzathandizana" ndiwo amapha miyambo yambiri. Tsiku likhale lokhazikika chaka ndi chaka, losafuna kukambirananso, ndipo lichitike ngakhale abwere anthu anayi okha, chifukwa chaka chimodzi chodumphidwa chimabala chachiwiri. Musayese kusenza zonse zimene agogo ankachita. Sankhani ziwiri kapena zitatu zimene mungazikwanitse kwa zaka 20.

Ena amaopa kusintha kalikonse, ngati kuti agogo akhumudwa. Ine sindigwirizana nazo. Ngakhale pangano la mu 2003 la UNESCO, bungwe la mayiko loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, loteteza chikhalidwe chosagwirika ndi manja limanena kuti cholowa chotere chimapatsiridwa kuchokera ku m'badwo wina kupita ku wina ndipo eni ake amachiumbanso nthawi zonse. Agogo nawonso anasintha zimene analandira kwa amayi awo; afunseni, adzakuuzani. Chofunika ndi kudziwa chifukwa cha chinthu chilichonse musanachisinthe. Ngati ankapakulira alendo poyamba pofuna kuti asachite manyazi, mbale ndi malo zikhoza kusintha, koma mlendo apakuliridwebe poyamba.

Pophika chakudya chija chaka chino, mwana wa zaka 8 kapena 10 aime pambali pa poto, ndipo apatsidwe ntchito yeniyeni, osati kungoonerera. Muikireni sikelo ndi mbale ya mchere, atape ndi zala zake zitatu mpaka afike pa magalamu 9 aja. Zala zake ndi zazing'ono, choncho pamene agogo ankatapa katatu iye mwina atapa kasanu ndi kawiri. Alembe yekha nambalayo m'mphepete mwa pepala, pamodzi ndi dzina lake ndi chaka, ndipo chaka chamawa adzayezenso.